GTA ya m'galaja: mmene anthu amamangiranso Alfa yampikisano ya 1965

Pa 25 Malichi 1966, pa bwalo lakale la ndege la Sebring m'chigawo cha Florida ku America, galimoto zinandandalika kuti ziyambe mpikisano woyamba wa Trans-Am. Panali zimphona za konko, ma Ford Mustang, Dodge Dart ndi Plymouth Barracuda, za injini zamasilinda asanu ndi atatu. Pakati pa zimphonazo panali kagalimoto ka ku Italy ka injini ya 1,570 cc, kali ndi zipsera kale chifukwa kanagubuduzika pa nthawi yoyeserera. Atatha maola anayi, kagalimoto kophwanyikako ndi kamene kanafika koyamba. Pa chiwongolero panali Jochen Rindt wa ku Austria, yemwe mu 1970 anadzakhala katswiri wa Formula One pa dziko lonse, ulemu umene anaupeza atamwalira kale pa ngozi ku Monza.

Kagalimotoko dzina lake ndi Alfa Romeo Giulia Sprint GTA. Zinapangidwa pafupifupi 500 zokha pakati pa 1965 ndi 1969, ndipo lero yeniyeni ikapezeka pamsika, mtengo wake umadutsa mapaundi 200,000. Anthu oifuna ndi ochuluka kuposa galimotozo. N'chifukwa chake m'magalaja a ku Italy, Britain, Netherlands, Germany, Australia ndi South Africa muli amakaniko ndi anthu wamba amene akuthera zaka, ndalama ndi zikhadabo pomanga zofanizira, zomwe eni ntchitoyi amazitcha replica. Ntchito imeneyi ndi yolemekezeka, koma ili ndi malire amene munthu sayenera kuwoloka.

Kuti munthu amvetse chimene akufanizira, ayenera kudziwa vuto limene GTA inabwera kudzathetsa. Mu 1963 Alfa Romeo inkapikisana pogwiritsa ntchito Giulia TI Super, galimoto yazitseko zinayi imene inapangidwa 501 zokha. Inali yothamanga ndithu, koma ku England Ford inali itagwirizana ndi Colin Chapman n'kutulutsa Lotus Cortina, yopepuka komanso yaukali. Mu 1965 Sir John Whitmore anatenga ukatswiri wa ku Ulaya wa galimoto zamtunduwu ndi Cortina. A Alfa ku Milan anaona kuti injini yawo ilibe mlandu, chimene chikuwagwetsa ndi kulemera.

Anatembenukira kwa Giulia Sprint GT, yazitseko ziwiri, imene inatuluka mu 1963 ku fakitale yatsopano ya Arese. Maonekedwe ake anajambula ndi Giorgetto Giugiaro ali mnyamata wa zaka za m'ma 20, akugwira ntchito kwa Bertone. Ntchito yoisandutsa chida champikisano inapita kwa Autodelta, kampani ya Carlo Chiti ndi Lodovico Chizzola, imene inayambira pafupi ndi Udine kenaka n'kusamukira ku Settimo Milanese kuti ikhale pafupi ndi Alfa. Chiti anali injiniya amene anachoka kwa Ferrari mu 1961, chaka chomwe galimoto imene iye anakonza inatenga ukatswiri wa Formula One. GTA inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam kumayambiriro kwa 1965.

Zimene anachita zinali zosabisika. Malata akunja a thupi, omwe pa GT wamba ndi achitsulo, anawasintha n'kuika a Peraluman 25, msakanizo wa aluminiyamu ndi magnesium, ndipo anawakhomera pa mafupa achitsulo ndi mariveti. Magalasi a m'mbali anakhala a pulasitiki. Zotchinga phokoso anazitaya. Malimu anali a magnesium opangidwa ndi Campagnolo, kampani yomweyi imene okwera njinga zampikisano amaidziwa. Poto wa oyilo, zivundikiro za pamwamba pa injini ndi chigoba cha kilatchi zinalinso za magnesium. Ngakhale magiya a m'giyabokosi anawasema kuti apepuke, ndipo zogwirira zitseko zinasanduka timawaya topinda chabe. Sprint GT inkalemera pafupifupi makilogalamu 950. GTA inatsika kufika pa 745.

Zotsatira zake zinabwera msanga. Andrea de Adamich anatenga ukatswiri wa ku Ulaya m'gulu lake mu 1966 ndi 1967, Spartaco Dini mu 1969. Zithunzi za nthawi imeneyo zimaonetsa ma GTA akukhota tayala limodzi lakutsogolo lili m'malere, ndipo zithunzi zimenezo ndi zimene zapachikidwa pa makoma a magalaja ambiri mmene mukumangidwa zofanizira lero.

Chiyambi chake ndi dzimbiri

Womanga replica sayamba ndi aluminiyamu. Amayamba ndi kusaka galimoto yakale yoti ikhale maziko. Mwayi wake ndi wakuti Alfa inapanga galimoto zazitseko ziwiri za banja limeneli, lodziwika ndi nambala 105, zoposa 200,000 pakati pa 1963 ndi m'ma 1970. Koma si zonse zoyenera. GTA ya 1965 ili ndi nkhope imene Ataliyana amati scalino: mlomo wakutsogolo wa boneti umakwera pang'ono pamwamba pa mphuno ya galimoto, n'kusiya kasitepe. Nkhope imeneyo ili pa Sprint GT, Sprint GT Veloce ndi GT 1300 Junior zoyambirira. Junior ndi imene inachuluka, motero ndi imene imaphedwa kwambiri kuti GTA ibadwe.

Ena amaisaka kum'mwera kwa Africa kuno. Galimoto za banjali zinkalumikizidwanso ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria, zili ndi chiwongolero kumanja monga zathu, ndipo oyendetsa ngati Arnold Chatz anatchukitsa dzina la Alfa pa bwalo la Kyalami. Galimoto imene yakhala moyo wake wonse kumtunda kouma, kosathiridwa mchere m'misewu nthawi yachisanu monga amachitira ku Ulaya, imakhala ndi thupi labwinopo, ndipo ogula a ku Britain amazidziwa zimenezi.

Komabe yopanda dzimbiri ndi yosowa. Galimoto ikafika, amaivula zonse mpaka kutsala chigoba, n'kuchiwomba ndi mchenga wapadera kapena kuchiviika m'mankhwala ochotsa penti. Apa ndi pamene mwini wake amaona zenizeni za chimene anagula. Malo odwala amadziwika: mipiringidzo ya m'munsi mwa zitseko, imene ili ndi malata atatu ophatikizana ndipo imaola kuyambira mkati; pansi popondapo mapazi; dzenje la tayala lapadera m'buti; m'munsi mwa nsanamira za galasi lakutsogolo; chitsulo chopingasa pansi pa radiyeta; ndiponso pamene pamangidwa bokosi la chiwongolero, pomwe pamakonda kung'aluka. Zaka makumi asanu za zigamba zowotcherera pamwamba pa zigamba zina zimaonekera zonse tsiku limodzi.

Galimoto imeneyi ilibe chasisi yapadera. Thupi lenilenilo ndi limene limanyamula injini, matayala ndi mphamvu zonse za pokhota. Choncho wodziwa ntchito sadula chitsulo chilichonse asanamangirire chigobacho pa jigi, tebulo lachitsulo lokhala ndi zogwirira pa malo oyezedwa, komanso asanawotcherere mipiringidzo yongoyembekezera m'mipata ya zitseko. Akadula mipiringidzo ya m'munsi popanda zimenezi, thupi limapindika pang'ono pakati, zitseko sizidzatsekanso bwino, ndipo matayala anayi sadzayang'ananso mbali imodzi. Kulakwitsa kwa mamilimita ochepa pano kumadzamveka pa liwiro la makilomita 160 pa ola, pamene palibenso chochita.

Gawo limeneli ndi limene limadya nthawi yochuluka, ndipo silioneka pa chithunzi chilichonse galimoto ikatha. Wogula replica yomangidwa ndi wina amachita bwino kupempha zithunzi za chigoba chili chovula asanafunse za injini.

Chigoba chikawongoka, amachilimbitsa. Fakitale inalumikiza malata ndi timadontho ta moto apa ndi apo. Womanga yampikisano amawotcherera mizere ifupiifupi m'misoko yonse yofunika, kenaka n'kuika khola la mapaipi achitsulo mkati loteteza woyendetsa galimoto ikagubuduzika. Kholalo limawonjezera kulemera, koma limapangitsanso thupi kusapotoka.

Apa njira zigawikana

Pofika pano mwini galimoto ayenera kuyankha funso limene ambiri amalizemba mpaka ndalama zitapita: galimotoyi ndi yachiyani?

Njira yotsika mtengo ndi kusiya thupi lachitsulo, kuchotsa mabampala, kuika sefa wa waya pamphuno, kuboola mipata iwiri ya mpweya m'munsi mwa nkhope, kupaka penti yofiira, n'kumata chizindikiro cha tsamba lobiriwira la masamba anayi pa mapiko akutsogolo. Ena amawonjezera boneti, zitseko ndi chivundikiro cha buti za aluminiyamu kapena faibala. Galimoto yotere imasangalatsa pamsewu, ndipo palibe chifukwa choinyozera. Koma ndi GT yovala zovala za GTA. Amene sanachotse makilogalamu sanafike pa mtima wa nkhaniyi.

Njira yovuta ndi kuvula malata onse akunja, denga lomwe, n'kuveka chigobacho aluminiyamu monga anachitira mu 1965. Malata atsopano oumbidwa kale amagulitsidwa ndi makampani a ku Ulaya odziwa za Alfa zakale, koma palibe limene limangokwana lokha. Lililonse limafuna kulisula, kulidula, kulipinda m'mphepete ndi kuliyesa kambirimbiri, ntchito yofanana ndi ya mmisiri wokhoma ndowa pamsika, kungoti pano mpata wa chitseko uyenera kufanana kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kenaka pamabwera mariveti mazanamazana, amene mizere yake imaoneka m'ngalande za denga ndi m'mphepete mwa boneti. Anthu odziwa GTA amayang'ana mizere imeneyi poyamba.

Pali msampha wina. Aluminiyamu ndi chitsulo zikakhudzana pali chinyontho, aluminiyamuyo imadyeka n'kusanduka ufa woyera. Ma GTA enieni ambiri anavutika ndi matenda amenewa. Womanga wa lero amapaka mankhwala kapena guluu wapadera pakati pa zitsulo ziwirizo asanakhome riveti, ndipo pa mfundo imeneyi replica yabwino imaposa yeniyeni. Chimene sichisintha ndi kufewa kwake: munthu akatsamira phiko la galimoto yotere ndi chigongono, amasiya chibowo.

Palinso amene amasankha mng'ono wake wa GTA, wotchedwa GTAm. Iyi inachokera ku 1750 GTV yopangira msika wa ku America, imene inali ndi pampu ya SPICA yopopera petulo m'malo mwa makabureta. Autodelta inakulitsa injini kufika pa 1,985 cc, mphamvu n'kufika cha m'ma horsepower 240, ndipo Toine Hezemans wa ku Netherlands anatenga nayo ukatswiri wa ku Ulaya mu 1970. Zinamangidwa pafupifupi 40 zokha. Kuifanizira n'kosavutirapo chifukwa thupi lake linali lachitsulo ndithu. Chimene chimaizindikiritsa ndi mapiko otambalala okhomedwa ndi mariveti pamwamba pa matayala onenepa a malimu a mainchesi 13. Koma kuti matayala amenewo alowe, mapiko enieni a galimoto ayenera kudulidwa. GTV yathanzi, imene yapulumuka zaka 50 yosadulidwa, siyenera kuonetsedwa chopukusira. Zoola mapiko kale zilipo zambiri, ndipo zimenezo ndi zoyenera ntchitoyi.

Mapulagi asanu ndi atatu

Injini ya banja la Giulia inachokera m'manja mwa Giuseppe Busso, pansi pa utsogoleri wa Orazio Satta Puliga, ndipo inayamba ntchito mu Giulietta ya 1954. Ndi ya aluminiyamu yonse, ya masilinda anayi, yokhala ndi makamushafuti awiri pamwamba oyendetsedwa ndi tcheni. Inapangidwa kwa zaka pafupifupi 40, zomwe zikutanthauza kuti zipangizo zake sizisowa.

Ya GTA inasiyana pa mutu. Silinda iliyonse inali ndi mapulagi awiri, onse pamodzi asanu ndi atatu. Chifukwa chake n'chomveka. Pofuna kuti injini ipume kwambiri, anakulitsa mavalavu, ndipo mavalavu aakulu amalanda malo a pakati pamene pulagi imodzi ikanakhala. Mapulagi awiri amayatsa msakanizo wa petulo ndi mpweya kuchokera mbali ziwiri, moto n'kumaliza msanga ulendo wake m'chipinda choyakiramo. Makabureta anali awiri a Weber 45 DCOE. Yoyenda pamsewu inkatulutsa ma horsepower 115, yokonzedwa ndi Autodelta inkafika cha m'ma 170.

Mutu weniweni wa 1965 ndi wosowa, ndipo wopezekayo nthawi zambiri unang'alukapo n'kuwotchereredwa. Masiku ano pali makampani amene amaumba mitu yatsopano ya mapulagi awiri motsata yakaleyo, pamodzi ndi disitibyuta yake ya mawaya asanu ndi atatu, koma mtengo wa zimenezi pawokha ungagule galimoto ina.

Ambiri amadzera njira yachidule imene Alfa yomweyo inatsegula. Mu 1987 kampaniyi inatulutsa Alfa 75 Twin Spark, ya injini ya 1,962 cc ndi ma horsepower 148, yomangidwa pa maziko a injini yakale ija koma ili ndi mapulagi awiri pa silinda. Imalowa m'chipinda cha injini cha 105 popanda kudula thupi. Sikuti imangogwera m'malo ayi. Alfa 75 ili ndi giyabokosi kumbuyo, choncho kumapeto kwa kirankishafuti, fulayiwilo ndi poto wa oyilo ziyenera kusinthidwa kuti zigwirizane ndi giyabokosi ya magiya asanu ya Giulia, imene ili kutsogolo. Ikapatsidwa makamushafuti aukali ndi makabureta a Weber, injini imeneyi imaposa mphamvu zimene de Adamich anali nazo, ndipo imapirira zaka.

Kampani imene yafika patali ndi njira imeneyi ndi Alfaholics ya banja la a Banks ku Clevedon, pafupi ndi Bristol. GTA-R 290 yawo ili ndi Twin Spark yokulitsidwa kufika malita 2.3, ma horsepower 240, zitseko ndi boneti za carbon fibre, ndipo imalemera makilogalamu 830. Kumanga imodzi kumatenga maola pafupifupi 3,000. Eni ake sanena kuti ndi GTA ya 1965. Anaipatsa dzina lakelake, ndipo anthu amaima pamzere zaka kuti aigule podziwa bwino chimene ili.

Mphamvu zikachuluka, vuto limasamukira kumbuyo. Giulia ili ndi ekiselo imodzi yolimba yolumikiza matayala awiri akumbuyo, yogwiridwa ndi mikono iwiri ya m'munsi komanso chitsulo chooneka ngati chilembo T pamwamba pa difu. Pamsewu zimagwira bwino. Pa bwalo lampikisano, galimoto ikapendekera pokhota, tayala lamkati lakumbuyo limapepuka n'kuyamba kuzungulira pachabe. Autodelta inayankha ndi chipangizo chotchedwa slittone: kachitsulo komangidwa ku difu kamene kamatsetsereka chokwera ndi chotsika m'ngalande yomangidwa ku thupi. Ekiselo imaloledwa kukwera ndi kutsika koma osapita cham'mbali, ndipo malo amene thupi limapendekerapo amatsikira pafupi ndi nthaka. Matayala akumbuyo amakakamira phula, ndipo m'malo mwake lakutsogolo lamkati ndi limene limanyamuka. Zithunzi zotchuka zija zinabadwira pamenepa. Slittone imafuna girisi pafupipafupi ndipo imachita phokoso, motero omangira pamsewu ambiri amaisiya, koma wofuna kumva mmene GTA inkakhotera amaiika.

Malimu akale a magnesium ndi oopsa. Magnesium ikakalamba imadyeka mkati n'kung'aluka mosachenjeza. Omanga anzeru amawapachika pakhoma n'kugula atsopano a maonekedwe omwewo.

Pepala la FIA ndi nambala ya pa thupi

Wofuna kupikisana m'mipikisano ya galimoto zakale samanga mmene akufunira. Bungwe la FIA lili ndi malamulo otchedwa Appendix K, ndipo galimoto imayenera kukhala ndi chikalata cha Historic Technical Passport. Woyendera amafananiza galimotoyo ndi mapepala amene Alfa inapereka m'ma 1960 polembetsa GTA: kukula kwa injini, makabureta, mabuleki, malimu, kulemera kochepetsetsa kololedwa. Twin Spark ya 1987 pano ilibe malo, carbon fibre ayi. Matayala amakhala a Dunlop a kapangidwe kakale, opyapyala, amene amaterereka msanga, ndipo n'chifukwa chake mipikisano imeneyi imakoma kuonera: galimoto zimakhota chopingasa, woyendetsa akulimbana ndi chiwongolero poyera.

Chikalatachi chimachitira umboni chinthu chimodzi chokha, chakuti galimoto yamangidwa motsata mmene zinalili nthawi imeneyo. Sichinena kuti galimotoyo ndi imodzi mwa 500 zija. Ogula ena asokonezeka pamenepa, ndipo ogulitsa ena asangalala ndi kusokonezekako.

Umboni wa chimene galimoto ili uli pa nambala yodindidwa pa chitsulo cha kumbuyo kwa injini. GTA ya chiwongolero kumanzere ndi mtundu 105.32 ndipo nambala zake zimayamba ndi 613. Ya chiwongolero kumanja, zimene zinapangidwa pafupifupi 50, ndi 105.34 ndipo zimayamba ndi 752. GTA 1300 Junior, imene inatuluka mu 1968, ndi 105.59, nambala zoyamba ndi 775. Ku Arese, kumene kuli nyumba yosungiramo mbiri ya Alfa Romeo imene inatsegulidwanso mu 2015, kuli mabuku osonyeza tsiku limene nambala iliyonse inapangidwa, mtundu wa penti ndi kumene inagulitsidwa. Koma mabukuwo amanena za nambala. Sangaone ngati chitsulo chimene chanyamula nambalayo lero ndi chomwe chinatuluka m'fakitale.

Mpata umenewu ndi umene akuba amalowerapo. Ma GTA ambiri anaphwanyika m'mipikisano, ena anapsa, ena anapatsidwa matupi atsopano kalekale ndi eni ake popanda cholinga choipa. Munthu amene wapeza mapepala a galimoto imene inatha mu 1968 angathe kudinda nambala yake pa chigoba cha Junior, n'kuchulukitsa mtengo wake kangapo. Zimachitika kuti galimoto ziwiri za m'maiko osiyana zimapezeka zikulimbirana nambala imodzi. Ichi si kufanizira. Ndi kuba, ndipo kumaipitsa dzina la amisiri onse amene amagwira ntchitoyi moona.

Replica yoona imasunga nambala imene inabadwa nayo. Pa mapepala imakhalabe GT 1300 Junior kapena Sprint GT, ndipo mwini wake akafunsidwa amayankha mosazengereza. Galimoto yotere ili ndi ufulu umene yeniyeni inataya. Mwini GTA ya mbiri yodziwika amaganiza kawiri asanailowetse pakona pamodzi ndi ma Cortina atatu, chifukwa phiko limene lingaphwanyike linakhomedwa mu 1965 ndipo silingabwererenso. Mwini replica amalowa. Ikagunda, amaibweza pa jigi, n'kuitanitsa lata lina. Luso losula aluminiyamu, lotchuna makabureta a Weber ndi khutu komanso loika slittone likupitirira kwa achinyamata chifukwa pali galimoto zimene zikuphwanyika ndi kukonzedwa chaka ndi chaka.

Alfa Romeo nayo ikudziwa mtengo wa zilembo zitatu za GTA. Mu 2020, pokondwerera zaka 110, inatulutsa Giulia GTA ndi GTAm zatsopano, 500 zokha, za ma horsepower 540.

Tsiku limene replica yalira koyamba si tsiku lomaliza ntchito. Amaiika pa masikelo anayi, tayala lililonse pa sikelo yake, n'kusintha masipuling'i mpaka kulemera kugawikane bwino, woyendetsa ali pampando. Amapita nayo pa makina oyezera mphamvu kukasintha timabowo ta petulo m'makabureta, chifukwa injini yolandira petulo wochepa pa liwiro lalikulu imaboola pisitoni m'mphindi zochepa. Kenaka amapita ku bwalo tsiku lopanda mpikisano, kumene zofooka zonse zimatulukira: oyilo wothawira mbali imodzi ya poto pokhota, mabuleki ofewa akatentha, giya yachiwiri yokukuta, yomwe ndi nthenda yodziwika ya giyabokosi za Alfa zimenezi.

Zikatheka zonsezi, malo opita alipo. Ku Britain ndi ku Ulaya kuli mpikisano wa U2TC, wa galimoto za injini zosapitirira malita awiri zopangidwa isanafike 1966, umene umachitikira pa mabwalo ngati Donington, Silverstone ndi Spa-Francorchamps. Abale awiri a kwa Banks, Andrew ndi Max, apambanako ndi GTA. Ku Goodwood Revival, imene inayamba mu 1998, mpikisano wa St Mary's Trophy umaitana galimoto zamtunduwu, ngakhale kuti kumeneko munthu amalowa poitanidwa basi. Adani ake ndi omwe aja a kale, Lotus Cortina, BMW 1800 ndi Mini Cooper S, ndipo ambiri a iwo nawonso anamangidwa kuchokera ku zigoba za galimoto wamba. Nyengo ya mipikisano ikatha mu Okutobala, galimoto imabwerera m'galaja, injini imatsitsidwa kuti aone mabering'i ndi mavalavu, ndipo makaniko amayenda ndi tochi m'mizere ya mariveti ndi pa bokosi la chiwongolero kusaka ming'alu isanafike Malichi.